Fupa silidikila

Ife okulila m'komboni, dzino likawawa timadziwa mau amodzi: "Zulani cabe, adokotala." Timayamba ndi Panadol, kenako madzi a mcele, tsaya likatupa ndiye timathamangila ku kiliniki. Dzino likacoka timagona tulo, nkhani yatha. Ndi mmene amai athu anataila mano atatu a kumbuyo, a pansi, zaka zoposa 10 zapitazo. Kucokela nthawi imeneyo cimanga cooca amangociyang'ana, ndipo nyama amaidula tizidutswa monga ya mwana.

Caka catha ife ana awo atatu tinasonkha ndalama, n'kuwapeleka ku cipatala ca mano ca pulaiveti muno mu Lusaka kukafunsa za ma implant. Implant ndi kamsomali ka titanium kamene amakalowetsa m'fupa la nsagwada, kenako n'kuikapo dzino lopanga pamwamba. Si zatsopano. Dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, anaika oyamba m'kamwa mwa munthu mu 1965, ataona kuti fupa limagwilana ndi titanium.

Tinali kuganiza kuti adokotala adzangoyang'ana m'kamwa n'kuchula mtengo. M'malo mwake anaimika amai pa makina ochedwa CBCT, amene anazungulila mutu wao kwa masekondi ocepa. Si X-ray ya cithunzi cimodzi imene tinazolowela. Makinawa amajambula kucokela mbali zambili, ndipo pulogilamu ya pa kompyuta imasonkhanitsa zithunzizo n'kupanga nsagwada yonse ya 3D. Tinakhala cete kuona fupa la amai athu likutembenuzidwa ndi mausi.

Kenako adokotala anajambula mzele wofiila mkati mwa fupalo. "Uwu ndi mtsempha umene umapangitsa kuti mlomo wa pansi ndi cibwano zizimva," anatelo. "Tikaulasa poboola, amai akhoza kukhala ndi dzanzi kwa miyezi, mwina moyo wonse." Anatenga kamsomali ka pa sikilini, n'kukaika pa gwelu, kukapendeketsa, kukafupikitsa. Pulogilamuyo inali kuonetsa mtunda m'mamilimita, cifukwa madokotala amasiya pafupifupi mamilimita 2 pakati pa implant ndi mtsempha. Pulani ikakhala bwino, amapanga kapulasitiki ndi pulinta ya 3D kovala pa mano, kokhala ndi kabowo kotsogolela coboolela kuti cilowe mmene anakonzela. Opaleshoni imayamba yacitika pa kompyuta, pamene kulakwa sikutulutsa magazi.

Koma kwa amai kamsomali kanali kukana. Kalikonse kamene anayesa, kanali kutulukila m'mbali kapena kuyandikila mzele wofiila. Fupa linali litaonda monga mpeni. Apa m'pamene tinamva cimene palibe anatiuzapo: fupa la nsagwada limakhala lolimba cifukwa muzu wa dzino umaligwilitsa nchito potafuna. Dzino likazulidwa, fupa limayamba kucepa, makamaka m'miyezi yoyambilila. Gwelu limene ife timaliona lili phee, pansi pake zinthu zimakhala zikutha.

Njila inalipo: kuwonjezela fupa, kudikila miyezi kuti ligwile, kuika implant, n'kudikilanso miyezi itatu kapena kuposa. Mtengo wake unaposa malipilo a tonse atatu. Amai anatiyang'ana n'kuseka. "Ana anga, ndalama zimenezo za mano atatu? Lipilani lendi." Tinawagulila mano ovula ndi kuvala. Sakuwakonda kwenikweni, koma nshawa akudya.

Pobwela mu minibasi tinali duu. Pulogilamu ija inali yanzelu, koma sikanatha kupanga fupa limene linapita kale. Imagwila nchito ndi cimene mwabwela naco. Ndipo aliyense wa ife anali ndi dzino lake limene anali kulibisa. Wamng'ono wathu anali atakhala miyezi akutafunila mbali imodzi, akudikila kuti liwawe mokwanila kuti akalizule.

Sabata yotsatila anapita kukalimata. Linatenga nthawi yosakwana ola, ndipo muzu wake ukali m'fupa, ukugwila nchito yake. Timagula foni yatsopano sikilini ikangosweka pang'ono, koma kabowo ka pa dzino timakapatsa zaka. Lomba dzino likayamba kumva madzi ozizila, funso lathu kwa adokotala lasintha: "Kodi lingapulumuke?"