Kakapu Kothandiza Mayi Akatopa Pobereka

Mayi wapakati wa ku Cóbuè kapena ku Metangula amadziwa kuti zikavuta pochira, thandizo la opaleshoni silikhala pakhomo. Ena amatumizidwa ku Lichinga, ulendo wokwera mapiri; ena amawoloka pa bwato kupita ku St Peter's pa chilumba cha Likoma. Nanga mwera ukawomba usiku, ndani angapalase?

Nchifukwa chake kakapu kokokera mwana sikoyenera kunyozedwa. Anakakonza ndi dokotala wa ku Sweden, Tage Malmström, m'zaka za m'ma 1950. Njira ya mwana ikatseguka yonse, mutu nkutsika, koma mayi mphamvu zamuthera, mzamba wophunzira amaika kakapuko pamutu pa mwana ndi kupopa mpweya kuti kagwire. Amakoka pokhapokha kupweteka kukabwera, mayi naye akukankha. Akakoka katatu mutu osasuntha, amaleka ndi kumutumiza kuchipatala chachikulu.

Luso limeneli linali litazilala m'zipatala zambiri za m'Africa. Ku Tete analidzutsanso pophunzitsa azamba, ndipo lipoti la kafukufuku wake linatuluka mu 2018.

Chimene chimaopsa agogo odikirira panja ndi chotupa chimene mwana amabadwa nacho pamutu, mwakuti ena amanong'onezana kuti azamba amupweteka. Chotupacho chimaphwa chokha pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Pamene chilonda cha mpeni, mayi wa kugombe amakhala nacho mpaka mimba yotsatira, imene ayeneranso kukachirira kutali ndi kwawo.