Mtsuko wokhota kukamwa

Dothi la mtapo ndimakakumba kudambo anthu akamaliza kukolola, madzi ataphwa. Ndikafika nalo pakhomo ndimaliviika, kulisinja ndi munsi pamwala, kenako kutola timiyala ndi timizu kamodzikamodzi, chifukwa kamwala kakatsalira mphika umang'aluka pamoto. Ndimapota dothilo ngati chingwe n'kumasanjikiza, kunja ndikusalaza ndi chitsononkho. Zonsezi ndinaphunzira kwa agogo anga aakazi kuno ku Dedza. Chimene sanandiphunzitse, chomwe ndinachitola ndekha, ndi nkhanza.

Inde, nkhanza. Ndili mtsikana, mphika ukangopendekeka pang'ono ndinkaufinya usanaume, ngakhale nditautaira tsiku lathunthu. Ndinkafuna kuti pamsika anthu azinena kuti mbiya zanga zilibe chilema, komanso kuti ndizisenza zambiri kuposa amayi onse a m'mudzi mwathu. Ndinkaumba mpaka usiku ndi koloboyi, msana uli gwa, ana atagona ndi mbatata yozizira. Wina akayamikira, m'malo mosangalala ndinkayamba kufunafuna pamene sanaone.

Chaka china ndinaumba miphika 40 kuti ndikagulitse nyengo ya maukwati. Mbiya imafuna kuuma pamthunzi, mosathamanga, kwa masiku ambiri. Ine changu chitandigwira ndinaziyanika padzuwa, n'kuziotcha mkati mudakali chinyezi. Moto wa makungwa utakolera tinangomva phu! phu! ngati chimanga chokazinga. Inapulumuka 13 yokha.

Ndinakhala paphulusapo n'kulira ngati pamaliro. Agogo anabwera ndi ndodo yawo, osandipepesa n'komwe, nayamba kusankha zibade zikuluzikulu.

"Mdzukulu wanga, wandiumbira mapale ambiri chonchi, ulirirenji? Nsawawa tikazingira pati?"

Madzulo ake anakazingadi nsawawa paphale la mphika wanga wosweka, ndipo ndinadya, mkwiyo uli m'khosi. Mapale ena anapita kwa anansi, ena nkhuku zinkamweramo.

Pa zopulumukazo panali mtsuko wina wokhota kukamwa, umene unandizemba tsiku loumba. Ndinati ndiuphwanye, agogo anandigwira dzanja. Anaugogoda ndi chala, unalira kuti ngwee, kusonyeza kuti ulibe mng'alu. "Madzi sadziwa kuti kukamwa n'kokhota," anatero, nauika pakona ya nyumba.

Sindinama kuti ndinasintha tsiku lomwelo; zinanditengera zaka. Koma lero ndimasiyanitsa zilema ziwiri. Mng'alu, thako lopyapyala, dothi losapsa bwino, zimenezo sindigulitsa, chifukwa zikataya ndiwo za mwini wake pamoto. Koma mzere wokongoletsa wokhotako, kapena banga lakuda pamene lawi linanyambita, ndimazisiya. Ogula ambiri, makamaka amene amafuna mphika wophikira nyemba poti za m'poto siziwakomera, saziona n'komwe. Ena amasankha wabanga womwewo.

Masiku ano ndimaumba itatu kapena inayi patsiku, dzuwa likapendeka ndasamba m'manja. Mapoto ndi zigubu zapulasitiki zinatilanda msika, ndiye kudzipha n'kwachiyani?

Agogo anatisiya kalekale. Mtsuko uja ukadali pakona pomwepo, umachita thukuta kunja monga uyenera, ndipo mu Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, aliyense wofika pakhomo pano amamwa madzi ozizira a mmenemo.