Malamulo Atatu pa Bwato Limodzi

Anthu ambiri kuno kunyanja akamva za maphunziro a malamulo amaganiza za loya wa mkanjo wakuda wochokera ku yunivesite ku Zomba. Ine sindinafike kumeneko. Ndinakaphunzira pa koleji ya ntchito, kumene anzathu ena ankaphunzira ukalipentala ndi zamagetsi, ife tikuphunzira kuthandiza anthu pa nkhani za malamulo. Munthu wa ntchito imeneyi si loya ayi. Amalemba zikalata, amasunga mafayelo, amafotokozera anthu zimene lamulo likunena ndi kuwalozera khomo loyenera kugogoda.

Bambo anga sanakondwe nazo. Ankati pa milandu pamachuluka bodza, ndipo mwana wamkazi wa Chisilamu alibe malo pamenepo. Komabe fizi analipira.

Phunziro limene linandigwira mtima ndi la chuma cha masiye, chifukwa ndinakula ndikuona mikangano yake. Tiyerekeze kuti msodzi wamwalira, wasiya bwato la injini, chilimira ndi nyumba ya malata. Pa bwato limodzilo pamabwera malamulo atatu. Mwambo wa makolo, m'midzi imene mtundu umatsata kwa mayi, umakokera chumacho kwa abale ake a malemu ndi ana a alongo ake. Kumadrasa tinaphunzira zina: Surat An-Nisa imapatsa mkazi wamasiye gawo limodzi mwa magawo 8 ngati pali ana, ndi limodzi mwa magawo 4 ngati palibe. Tsono pali lamulo la boma la chaka cha 2011. Ilo limati munthu akamwalira osalemba wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi, ana ndi ena amene ankadalira malemuyo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu womangitsa.

Abale ndi alongo, apa mpofunika kumvetsa. Banja likagwirizana, ashehe amawerengera magawo ndipo nkhani imathera pakhonde. Koma m'modzi yekha akakana nkupita kukhoti, woweruza amatsegula buku la boma. Choncho amene akufuna kuti chifuniro chake chidzamveke alembe wilo, asayine pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zisayine. Mbonizo ndi bwino zikhale anthu amene sadzalandirapo kanthu. Ambiri amaopa kuti kulemba wilo nkudziitanira imfa. Zimandidabwitsa kumva zimenezi kwa ife amene wasiya timaudziwa kuchokera m'chipembedzo chathu chomwe.

Chinthu china sichinali m'mabuku a kukoleji. Mayi wamasiye amakhala pa eda miyezi 4 ndi masiku 10. Ndi nthawi yomweyi, iye ali m'nyumba, pamene injini imachotsedwa pa bwato, chilimira nkupita kudooko lina, ati kukasungidwa. Podzatuluka amapeza mchenga wokha. Mayi wotere sangamasuke kukhala pansi ndi mwamuna wachilendo kuti afotokoze za katundu wa malemu, ngakhale mwamunayo atakhala loya wodziwa chotani. Ine ndimavula nsapato, ndimalowa, timakhala pamkeka, nkulemba katundu yense mmodzimmodzi pamodzi ndi nambala ya injini. Pepala limenelo ndi limene mchimwene wake kapena mwana wake wamkulu amapita nalo kwa amfumu, ndipo zikakanika, kwa majisitireti.

M'kalasi mwathu atsikana ovala hijabu tinalipo awiri basi.