Dzina la pa chikhakha

Mkono wa Evan Hansen unathyoka kamodzi kokha, koma nkhani ya mmene unathyokera imakambidwa katatu, ndipo ulendo uliwonse imasintha. Mkono umenewu ndi womwe wachititsa kuti nyimbo za sewero la Dear Evan Hansen zikanirire m'foni mwanga zaka zonsezi, pomwe zina ndimazifufuta mosaganiza kawiri malo akachepa.

Kwa inu amene simunalimvepo, ndi sewero la ku America la mtundu uja woti anthu amayankhula pang'ono kenako n'kuyamba kuyimba, nyimbozo n'kumayendetsa nkhani. Nyimbo zake anapeka ndi Benj Pasek ndi Justin Paul, omwe aja a The Greatest Showman, pomwe nkhani analemba ndi Steven Levenson. Linayambira ku Washington mu 2015, linalowa ku Broadway mumzinda wa New York mu Disembala 2016, ndipo mu 2017 linakolola mphoto 6 za Tony. Mu 2019 linawoloka nyanja n'kufika ku London. Tikiti ya ku Broadway si ya munthu woyenda ndi envelopu ya CV m'tauni ayi, ndiye ine ndinalipeza mmene ambirife timapezera zinthu: nyimbo m'makutu, tizidutswa ta pa YouTube pakati pa usiku, kenako filimu yake ya mu 2021.

Evan ndi mnyamata wa zaka 17, ali m'chaka chomaliza cha sekondale. Ali ndi vuto la nkhawa. Akati ayankhule ndi munthu, m'manja mumangoti nyowe ndi thukuta. Amalolera kugona ndi njala kusiyana n'kuitanitsa chakudya, poopa kadakika kaja koima pakhomo ndi munthu wobweretsa chakudyayo. Amamwa mankhwala, ndipo dokotala wake wa za maganizo anamuuza kuti azidzilembera yekha makalata odzilimbikitsa. Dzina la seweroli ndi moni wa makalata amenewa.

Tsiku lotsegulira sukulu akupita ali ndi chikhakha kumkono. Kumeneko mwana akathyoka, anzake amalemba mayina awo pachikhakhapo, ndiye mayi ake, a Heidi, akumuuza kuti umenewu ndi mwayi wopezera anzake. Palibe akulemba. Yekhayo amene akulemba, ndi zilembo zikuluzikulu zodzaza mkono wonse, ndi Connor Murphy, mnyamata waukali yemwe sukulu yonse imamuthawa, yemwenso m'mawa wa tsiku lomwelo anamukankhira Evan pansi. Kenako Connor akupeza kalata ya Evan pa pulinta, akuonamo dzina la mlongo wake Zoe, akuganiza kuti akumuseka, n'kuchoka nayo kalatayo atalusa. Patapita masiku ochepa, Evan akuitanidwa ku ofesi. Makolo a Connor ali momwemo. Mwana wawo wadzipha, ndipo m'thumba mwake apezamo kalata yopita kwa Evan Hansen. Evan akuyesa kufotokoza, chibwibwi chikumugwira, ndipo makolowo akuona dzina la mwana wawo pa chikhakha. Basi, nkhani yatha. Mwana wawo anali ndi mnzake.

Tsono mkono uja. Poyamba Evan amauza anthu kuti anagwa mumtengo kumalo osungirako zachilengedwe komwe ankagwira ganyu pa holide. Nkhani yoseketsa, mnzake wina mpaka akumuseka nayo. Kachiwiri akuikamba patebulo la banja la a Murphy, mu nyimbo ya For Forever: akuti tsikulo anali ndi Connor, anapita limodzi kumunda wa maapulo, anakwera mtengo, nthambi inathyoka, ndipo Connor anabwera kudzamutola. Bodza lenileni, koma lokoma moti mayi woferedwa akulimwa ngati madzi. Kachitatu chilungamo chikutuluka kumapeto, mosakuwa. Evan anali yekha. Anagona pansi pa mtengo kudikira kuti wina abwera, ndipo sanabwere munthu. Komanso sanagwe mwangozi. Anataya dala nthambi ija.

Ndiye kuti chiyambire sewero, umboni wakuti mwanayu anayesa kuchotsa moyo wake uli poyera, woyera mbee, aliyense akuuona, ena akuuseka, mayi ake akuuona ngati mwayi wopezera anzake. Pamenepa ndi pomwe seweroli linandigwira. Amene munakhalapo ndi chinthu cholemera mumtima mukudziwa luso lokamba theka la chilungamo: "mutu ukundipweteka", "ndangotopa", "bho bho". Sunama kwenikweni. Umapereka kachidutswa kuti uone ngati wina afunsa funso lachiwiri. Ine miyezi ingapo nditamaliza sukulu, ntchito kulibe, ndinali katswiri wa zimenezi, ndipo yankho lomwe ndinkalandira kawirikawiri linali lakuti limba mtima, ena alibe ndi digiri yomwe.

Anthu ambiri amalikonda seweroli chifukwa cha nyimbo ya You Will Be Found. Makwaya a m'sukulu amaiyimba, anthu amalira nayo. Uthenga wake ndi wakuti ngakhale utagwa mumdima, wina adzakupeza. Ndi nyimbo yabwino, sindikana. Koma taonani pomwe yaikidwa. Akuiyimba ndi mnyamata yemwe sanapezedwe ndi munthu, pokumbukira mnyamata wina yemwenso sanapezedwe, pamaso pa ophunzira omwe sankamupatsa ndi moni womwe. Kanema wa mawu akewo akufalikira pa intaneti ngati moto wa m'tchire, ndipo pa siteji zikuonetsedwa ndi zithunzi ndi mauthenga a pa intaneti ongoyenda pa masikirini. Gulu lokumbukira Connor likukula, mpaka akuyamba kusonkha madola 50,000 oti atsegulirenso munda wa maapulo uja. Ndiyeno Alana, mtsikana wotsogolera nawo gululo, akuika kalata ija pa intaneti kuti ndalama zikwane, ndipo khamu lomwe lija linkalemba mawu achikondi likutembenukira banja la a Murphy, kuwanyoza kuti ndiwo anapha mwana wawo. Anthu ake ndi omwewo, mafoni ake ndi omwewo. Amene mumakhala pa Facebook mukuwadziwa.

Koma nyimbo yomwe imandisowetsa mtendere ndi ina, yoseketsa, ya Sincerely, Me. Evan ndi Jared, mwana wa anzawo a mayi ake, akhala pa kompyuta kupeka maimelo abodza oti aoneke ngati Evan ndi Connor ankalemberana. Wosewera Connor akubwereranso pa siteji, wamoyo, akuvina, akuyankhula chilichonse chomwe awiriwa alemba. Akafufuta chiganizo, iye akubwereza n'kunena chatsopanocho. Holo yonse imaseka, inenso ndinaseka. Kenako umazindikira kuti ukuonerera malemu akusinthidwa ngati asayimenti yokonzedwa usiku woti mawa ikaperekedwe. Connor weniweni amaoneka kwa mphindi zochepa chabe koyambirira: wasuta chamba m'mawa, akutukwana patebulo, ndipo mbiri yake kusukulu ndi yakuti ali mwana anagenda mphunzitsi ndi pulinta. Connor wa sewero lonse lotsalalo ndi wopekedwa, wofatsa, wokonda mitengo, wokonda mlongo wake mwakachetechete.

Benj Pasek ananena kuti ganizo la seweroli linachokera ku sekondale komwe iye ankaphunzira. Mnzawo wina atamwalira, ophunzira omwe sankamudziwa n'komwe anayamba kudzionetsa ngati anali anzake a ponda apa nane mpondepo. Ine ndinaziona zimenezi ndili m'chaka chachiwiri ku yunivesite. Panali mnyamata wina m'kalasi mwathu yemwe ankangotchulidwa kuti wachamba. Ankakangana ndi aphunzitsi, nthawi ina anaswa zenera la ku hostel, ndipo akakwiya anthu ankaseka kuti uyu ngwa ku Zomba basi. Anadzipha pa holide. Dzuwa lisanalowe, sitetasi iliyonse ya pa WhatsApp inali ndi nkhope yake. Chithunzi chinali chimodzi chomwecho, chodulidwa pa chithunzi cha gulu lonse, phewa la munthu wina likuonekera m'mbali, chifukwa panalibe amene anajambulitsapo naye awiri. Pansi pake RIP, m'bale wanga, mnzanga wapamtima. Ku maliro, wowerenga mbiri ya malemu anati anali mwana wofatsa, waulemu, ndipo anadwala kwa nthawi yochepa.

Sindikuweruza banja lija. Maliro n'kulirana, ndipo pamaso pa mayi wogona pamkeka sungayambe kuwerenga mazenera omwe mwana wake anaswa. Ngakhale a sitetasi aja, ena mwa iwo ndikukhulupirira ankalira zenizeni, kungoti ankadzilira okha, ndipo imfa ya mnzathuyo inawapatsa chilolezo cholira pagulu. Evan nayenso ndi choncho. Nkhani yomwe akupekera Connor ndi yomwe iye ankalakalaka itamuchitikira. Koma zotsatira zake n'zakuti munthu wovuta uja, yemwe ankafunika thandizo ali wovuta momwemo, amakwiriridwa kawiri.

M'seweroli munthu mmodzi yekha ndi amene akukana. Zoe, mu nyimbo ya Requiem, akuti sayerekeza kulira ngati wataya mlongo wabwino, pomwe munthuyo ankamuopseza m'nyumba momwe. Sindinamvepo mawu otere pamaliro alionse, koma ndikudziwa kuti amanenedwa kuseri kwa nyumba, kumene amayi akuphika. N'zomvetsa chisoni kuti Evan akumulanda ngakhale chilungamo chimenechi. Akumuuza Zoe zinthu zokoma zomwe akuti Connor ankanena za iye, pomwe ndi iye mwini Evan amene wakhala akumusirira mtsikanayo chapatali. Awiriwa akugwa m'chikondi. Apa ndiye anthu odana ndi seweroli amakwiya, ndipo akulondola. Ndi nkhanza, ngakhale wozichitayo ali ndi nkhope yomvetsa chisoni. Filimu itatuluka mkwiyo unakula, mwinanso chifukwa Ben Platt, yemwe anayamba kusewera Evan pa siteji, anali ndi zaka 27, ndipo bodza lomwe ungalikhululukire mwana limaoneka mwina likatuluka pakamwa pa munthu wamkulu.

Ambiri amadandaula kuti Evan sanalangidwe mokwanira. Dandaulo langa lili pena. Sewero lomwe latchuka ngati lokamba za thanzi la m'maganizo la achinyamata silikutiuza chomwe chinkamudya Connor. Likutipatsa odwala awiri, n'kutikhazika pambali pa yemwe matenda ake ndi aulemu. Evan amapepesa, amagwetsa maso, amanjenjemera. Ndi wosavuta kumukonda. Connor amatukwana ndi kuswa zinthu, ndipo ngakhale olemba sewero anamuchotsa msanga kuti atibweretsere wina wabwinoko. Masiku ena ndimaona ngati kumeneku n'kulephera kwa seweroli. Masiku ena ndimaona ngati ananena zoona kuposa mmene ankafunira. Ine ndinakula ndikuonera masewero omwe munthu wodwala maganizo amalowa atavala sanza kuti tiseke, ndiye kuona mnyamata womwa mankhwala a nkhawa ali mwini nkhani, akuyimba nyimbo zabwino kwambiri za usikuwo, si chinthu chaching'ono kwa ine. Koma mnzathu wa ku yunivesite uja sanali Evan.

Pali munthu wina yemwe ndinachedwa kumumvetsera, mayi a Evan. A Heidi amathandizira anamwino kuchipatala, usiku amaphunzira za malamulo, bambo a mwanayo anachoka ali ndi zaka 7 n'kukayamba banja lina ku Colorado. Sapezeka pakhomo chifukwa akusaka ndalama zoti pakhomopo pakhale. Banja la a Murphy, lomwe lili ndi ndalama zake, likuwaitana ku chakudya n'kunena kuti ndalama zomwe linasungira Connor za ku koleji lipereka kwa Evan. A Heidi akukana, manyazi ndi ukali zitasakanikirana. Aliyense woleredwa ndi mayi yekha, yemwe anaonapo wachibale wolemera akudzipereka kulipira fizi pagulu, akudziwa nkhope imeneyo. Bodza litaululika, ndi iwo amene akuwerenga kalata ija n'kuzindikira kuti analemba ndi mwana wawo, ndi kuti mkono uja sunathyoke mwangozi. Sakumukalipira. Mu nyimbo ya So Big / So Small akumukumbutsa tsiku lomwe bambo ake anabwera ndi lole kudzatenga katundu, iye ali mwana n'kumakondwera ndi loleyo, usiku n'kufunsa ngati kubweranso lole ina yodzatenga mayi. Iyi ndi nyimbo yomwe sindimvera ndili m'minibasi.

Sewero likutha patadutsa chaka. Banja la a Murphy silinaulule bodza lija kwa anthu. Munda wa maapulo watsegulidwa, mitengo yake ndi yeniyeni ngakhale ndalama zake zinabwera ndi nkhani yopeka, ndipo makolo a Connor amapita kukapuma kumeneko. Evan akukumana ndi Zoe m'mundamo, n'kumuuza kuti anapeza mndandanda wa mabuku 10 omwe Connor ankawakonda ali wamng'ono, ndipo akuwawerenga limodzi limodzi. Ndi koyamba m'sewero lonse kuti wina afune kudziwa za Connor yemwe analipodi. Olemba filimu anaona kuti n'zochepa, anawonjezera kuti Evan aulule poyera ndi kufufuza mpaka kupeza kanema wa Connor akuyimba ndi gitala. Ine mabuku aja amandikwanira.

Za mnzathu uja, zomwe ndikudziwa ndi izi. Ankalemba ndi dzanja lamanzere, zilembo zopendekera kumbuyo. Ankakhala mpando wa pafupi ndi chitseko. Ankasapota Silver Strikers m'kalasi modzaza a Bullets ndi a Noma, ndipo timu yake ikapambana ankabwera Lolemba atavala jezi, osayankhula kanthu, kumangomwetulira. Tsiku lina magetsi atazima ku laibulale anandibwereka tochi yake, n'kukhala mumdima mpaka ine nditamaliza tsamba.