Kope la bambo

Bambo anga ankaimba gitala ya jazi. Atamwalira anandisiyira kope la nyimbo zawo, koma chiswe chinalipeza. Ndiye ndikaweruka kumsika ndimakopera nyimbozo mu MuseScore, pa laputopu ya mchimwene wanga.

Poyamba ndinkalemba Cmaj7, Dm7. Zolondola ndithu, koma sizinkaoneka ngati za bambo. Iwo pa maj7 ankajambula kachizindikiro ka makona atatu, pa minor kamzere kogona.

Mchimwene anandisankhira sitayilo ya Jazz, nadina Ctrl+K, n'kulemba C^7. Kachizindikiro kaja kanatulukira. Abale, misozi!

"Koma achemwali, kalilidwe kake n'komweko," anatero.

Eya, n'komweko. Koma tsopano ndikayang'ana tsambalo ndimaona dzanja lawo. Zatsala nyimbo zisanu, ndipo ziwiri chiswe chinadya kale theka.