Mjigo wa pa Broad Street

Anthu ambiri akamva za kafukufuku wa sayansi amaganiza za munthu wovala mkanjo woyera, wodzitsekera m'chipinda chodzaza ndi mabotolo, amene ntchito yake munthu wamba sangaimvetse. Anthu otere alipo ndithu, ndipo ntchito yawo ndi yolemekezeka. Koma m'nkhani ino ndifuna kukuuzani za kafukufuku wina amene anachitika poyenda pansi, pogogoda pa zitseko, pofunsa ndi polemba manambala m'kabuku. Anachitikira ku London, mzinda waukulu wa ku England, zaka zoposa 170 zapitazo. Nkhaniyi ndimaikonda, ndipo chaka ndi chaka ndimawasimbira ana a m'kalasi lomaliza pa sukulu pathu, pakuti m'menemo dotolo, mmisiri ndi akuluakulu okonza mzinda anasenza mtolo umodzi, chinkana sanali kumvana za chifukwa chousenzera.

Cha m'ma 1850 mu London munali anthu oposa 2 miliyoni, ndipo pa dziko lonse lapansi panalibe mzinda wina woposa umenewo. Anthu ochuluka chotero amadya ndi kumwa tsiku ndi tsiku, ndipo zimene adyazo ziyenera kutuluka ndi kupita kwina kwake. Kuyambira kale nyumba zambiri zinali ndi maenje a zimbudzi, ena kuseri, ena pansi pa nyumba penipeni, ndipo usiku kunkabwera anthu ndi ngolo kudzachotsa zonyansazo nakazigulitsa kwa alimi ngati manyowa. Koma mzinda utakula minda inatalikira, ndipo maenje aja anayamba kusefukira.

Nthenda ya kolera inafika ku England koyamba m'chaka cha 1831. Ife kuno sitisowa wotiuza mmene imagwirira munthu: amatsegula m'mimba madzi okhaokha onga otsukira mpunga, amasanza, maso amalowa m'kati, ndipo amene anadzuka bwino m'mawa angathe kumwalira dzuwa lisanalowe. Anthu ophunzira a masiku amenewo ankakhulupirira kuti nthendayi imayenda ndi mpweya woipa wochokera ku zinthu zowola. Tisafulumire kuwaseka. Iwo ankaona kuti kumene kukununkha kwambiri ndiko kumene maliro achuluka, ndipo zimene ankaonazo zinali zoona, anangolakwa pomasulira. Mmodzi wa iwo anali Edwin Chadwick, munthu wa Boma wachangu kwambiri pa za ukhondo. Pofuna kuchotsa fungo m'nyumba za anthu, iye ndi anzake analamula kuti maenje atsekedwe ndipo zonyansa zizitsikira m'ngalande zakale zothira mu mtsinje wa Thames. Tsono mu mtsinje womwewo ndimo makampani ogulitsa madzi ankapopa madzi akumwa. M'zaka za 1848 ndi 1849 kolera anapha anthu oposa 14,000 mu London mokha.

Panali dotolo wina dzina lake John Snow, mwana wa munthu wosauka wa ku York, amene sanavomereze za mpweyazo. Ntchito imene anatchuka nayo inali yogoneka anthu tulo ndi mankhwala opuma pa nthawi ya opaleshoni, ndipo mu 1853 anaitanidwa kukathandiza Mfumukazi Victoria pa uchembere. Chifukwa cha ntchitoyo ankadziwa bwino mmene mpweya umalowera m'thupi. Anaganiza motere: nthenda yolowa ndi mpweya ikanayambira m'mapapo, koma kolera amayambira m'mimba, chifukwa chake chimene chimayambitsa nthendayi munthu amachita kuchimeza. Analemba maganizo amenewa m'kabuku mu 1849, koma anzake ambiri sanasamaleko.

Pa 31 Ogasiti 1854 kolera anabuka m'dera la Soho, pafupi ndi kumene Snow ankakhala. M'masiku khumi anthu oposa 500 anali atafa m'timisewu towerengeka, ndipo pamene mliri unatha akufa onse anakwana 616. Amene anali ndi kothawira anathawa. Snow anapita ku ofesi yolembetsa imfa, natenga mndandanda wa akufa oyamba 83, nayamba kuyenda khomo ndi khomo m'nyumba za maliro ndi funso limodzi: malemu ankamwa madzi otungidwa kuti? Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma kufunsa kotere, pakati pa anthu olira ndi nthenda yoopsa, kumafuna mtima wolimba.

Mayankho anamulozera ku mjigo wa pa msewu wotchedwa Broad Street, umene anthu ankaukonda chifukwa madzi ake anali ozizira ndi okoma. Mwa akufa aja, 10 okha ndiwo ankakhala pafupi ndi mjigo wina. Atafunsitsa anapeza kuti mabanja a anthu 5 mwa iwowa ankalambalala mjigo wa kwawo nakatunga ku Broad Street, ndipo ena 3 anali ana amene sukulu yawo inali pafupi ndi mjigowo. Ndikafika pa ana atatuwa ndimayamba ndaima, pakuti ndidziwa mmene ana amathamangira ku mjigo belu likalira, osafunsa kanthu.

Chimene chionetsa kuti Snow anali wofufuza weniweni ndicho chakuti sanafunse za akufa okha, anafunsanso za amoyo. Pafupi pomwepo panali nyumba ya Boma yosungiramo amphawi, mmene munali anthu 535, koma anafamo 5 okha. Iwo anali ndi chitsime chawochawo. Pa msewu womwewo panali nyumba yofululira mowa ya antchito oposa 70, ndipo palibe mmodzi anafa, popeza ankapatsidwa mowa pa ntchito ndipo sankatunga pa mjigo. (Ana anga a sukulu amaseka pamenepa, ndipo ndimawauza kuti phunziro lake si limene akuganizalo.) Panalinso mayi wina wamasiye wa ku Hampstead, kutali ndi Soho, kumene kunalibe kolera. Iye anakhalapo pa Broad Street kale, ndipo pokonda madzi ake ankatumiza ngolo kukamtengera botolo lalikulu. Anamwa, namwalira, ndipo mwana wa m'bale wake amene anadzamchezera namwa nawo anakafera kwawo. Fungo la ku Soho silikanafika ku Hampstead, koma botolo linafika.

Pa 7 Sepitembala Snow anakaonekera pamaso pa akuluakulu a deralo, ndipo m'mawa mwake mkono wa mjigo unachotsedwa. Ambiri posimba nkhaniyi amathera pano, ngati kuti mkono utachoka mliri unatha pompo ndipo onse anakhulupirira. Sizinatero. Snow mwini wake analemba kuti imfa zinali zitayamba kale kuchepa, popeza anthu ambiri anali atathawa. Akatswiri a Boma atafufuza anakana maganizo ake, ndipo pambuyo pake mkono uja unabwezedwa. Ngakhale mapu ake otchuka, pamene imfa iliyonse anailemba ndi kamzere kakuda pa nyumba yake, kotero kuti timizere tinaunjikana mozungulira mjigo ngati nyerere pa fupa, sanawatembenuze mtima. Amene anamthandiza anali mbusa wachinyamata wa mpingo wa m'deralo, Henry Whitehead, yemwe anayamba kufufuza ndi cholinga chakuti amtsutse. Popeza ankadziwa nkhosa zake nyumba ndi nyumba, anapeza kuti pa nyumba ya nambala 40 khanda linadwala mliri usanabuke, ndipo madzi ochapira matewera ake ankatayidwa m'dzenje la pakhomo. Atakumba anaona kuti dzenjelo linali lowonongeka, ndipo linatalikirana ndi chitsime cha mjigo mtunda wosakwana mita imodzi.

Kwa ine, umboni woposa wonse ndi wina umene Snow anasonkhanitsa chaka chomwecho kumwera kwa mtsinje. Kumeneko makampani awiri ankagulitsa madzi m'misewu imodzimodzi, nyumba iyi ya kampani iyi, yoyandikana nayo ya inzake, olemera ndi osauka mosakaniza. Kampani ya Lambeth inali itasamutsa malo ake opopera madzi mu 1852 kupita kumtunda kwa mtsinje, kumene zonyansa za mzinda sizifika. Ya Southwark and Vauxhall inkapopabe pa Battersea, m'kati mwa mzinda. Anthu ambiri a lendi sankadziwa kuti madzi awo ndi a kampani iti, choncho Snow ankatunga pang'ono m'kabotolo nakawayesa, pakuti madzi a kumunsi anali ndi mchere wambiri. M'masabata 7 oyamba a mliri, pa nyumba 10,000 zilizonse za kampani ya kumunsi panafa anthu 315, pamene pa za kampani ya kumtunda panafa 37. Mpweya unali umodzi, misewu imodzi. Chosiyana chinali madzi.

Snow anamwalira mu Juni 1858 ali ndi zaka 45, maganizo ake asanavomerezedwe. Mwezi womwewo kunatentha kwambiri, madzi a Thames anachepa, ndipo mtsinje unanunkha koopsa. Nyumba ya Malamulo ili m'mbali mwa mtsinjewo. Anayesa kuviika nsalu za m'mazenera m'mankhwala a laimu, koma sizinathandize, ndipo aphungu amene anazengereza zaka zambiri pa nkhani ya ndalama anakhazikitsa lamulo m'masabata owerengeka. Maliro a anthu osauka 14,000 sanawafulumize monga mmene linawafulumizira fungo lolowa pa zenera lawo. Zimenezi sindizinena mokondwa.

Ntchito inaperekedwa kwa injiniya wamkulu wa mzinda, Joseph Bazalgette. Iye anaona kuti London ali m'chigwa, ndipo ngalande zonse zakale zimatsetserekera ku mtsinje. Madzi saiwala khwawa, ndipo mmisiri wanzeru salimbana nawo, amangowakonzera khwawa lina. Anamanga ngalande zazikulu za pansi pa nthaka zoyenda motsata mtsinje, zina kumpoto, zina kumwera, zodula ngalande zakale zija ndi kulanda zonyansa zisanagwere mu Thames, nazitengera kum'mawa, kunja kwa mzinda. Utali wake wonse unaposa makilomita 130, monga ulendo wochoka ku Blantyre kupita ku Zomba ndi kubwerako, ndipo ngalande zazing'ono za m'misewu zinali pafupifupi makilomita 1,800. Panalowa njerwa 318 miliyoni. Pamene nthaka inali yotsika kwambiri anaika makina a nthunzi okweza madzi, monga a ku Crossness amene anatsegulidwa mu 1865. Ngalande zambiri anazipanga ngati dzira loimika, kosongoka pansi, kuti ngakhale madzi achepe azithamangabe ndi kukokolola zinyalala. Simenti imene anasankha inali ya mtundu watsopano umene amisiri ambiri ankaukayikira, choncho analamula kuti katundu aliyense wofika ayambe wayesedwa kulimba kwake, ndipo zotsatira zilembedwe. Kumenekonso ndi kufufuza.

Ngalande ya m'munsi inasowa podutsa, popeza kukumba misewu ya pakati pa mzinda kukanaimitsa malonda. Tsono anamanga khoma m'matope a m'mbali mwa mtsinje, nathira dothi kumbuyo kwake. M'kati mwa malo atsopanowo munadutsa ngalande ndi njanji ya sitima ya pansi pa nthaka, ndipo pamwamba pake anayala msewu waukulu ndi minda ya maluwa. Malowo ndi Victoria Embankment, amene anatsegulidwa mu 1870. Anthu oyenda pamenepo lero ambiri sadziwa chimene chikuyenda pansi pa mapazi awo.

Onani tsono chodabwitsa. Aphungu anapereka ndalama kuti athamangitse fungo, poganiza kuti fungo ndilo likupha anthu. Anachita chinthu choyenera pa chifukwa cholakwika. Dotolo anali ndi choonadi koma analibe mphamvu yokumba ngakhale ngalande imodzi. Mmisiri anali ndi njerwa ndi antchito zikwizikwi. Chimene chinaweruza mlandu ndi mliri wa 1866, umene unapha anthu oposa 5,000, ambiri a iwo a kum'mawa kwa mzinda kumene ngalande zinali zisanathe. William Farr, mkulu wowerengera imfa amene kale anali kumbali ya mpweya woipa, analondola manambala napeza kuti akufawo ankamwa madzi osasefa a kampani imodzi. Kuyambira pamenepo mliri wa kolera sunabwerenso mu London. Kachilombo kenikeniko anakaona ndi makina okuzira tinthu tating'ono Filippo Pacini wa ku Italy mu 1854, koma anthu sanamumvere kufikira Robert Koch wa ku Germany atakapezanso ku Egypt ndi ku India mu 1883 ndi 1884.

Ntchito ya Bazalgette sinathetse zonse. Poyamba zonyansa zinkangotayidwa mu mtsinje womwewo kumunsi, ndipo kuziyeretsa kunadza pambuyo. Anthu atachuluka kufika pafupifupi 9 miliyoni, ngalande zake zinayamba kusefukira mvula ikagwa, kotero kuti anakumbanso ngalande ina yaikulu ya makilomita 25 pansi pa mtsinje, imene inatha mu 2025.

Kuno kwathu ku Malawi kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha iye. Ife tili ndi mwayi umene Snow analibe: kachilombo tikukadziwa, mankhwala othira m'madzi alipo, ndipo madzi a mchere ndi shuga amapulumutsa odwala ambiri. Alangizi a zaumoyo amatiuza kuti chimbudzi chikumbidwe kumunsi kwa chitsime, patali mamita 30 kapena kuposa. Kumudzi zimenezi n'zotheka, ndipo inu amene mwaphunzira kuwerenga mungathe kupima mtundawo nokha, ndi kulemba m'kope mabanja amene adwala ndi kumene amatunga. Koma m'makomboni a m'tauni, mmene mapuloti ndi aang'ono ndipo chimbudzi cha uyu chayang'anana ndi chitsime cha mnzake, mayi wa lendi sangasunthe chilichonse mwa ziwirizi. Amene angathe ndi opima malo ndi oyala mipope, ndipo kawirikawiri iwo amafika nyumba zitamangidwa kale.