Diso la Kamera ya Atate Linacira ndi Dzuwa

Abale anga a m'migodi, ndifuna kukuuzani za kamera imene atate anandisiyira, kapena wina mwa inu ali ndi yotere pansi pa bokosi lace.

Atate anacokera ku Ncheu nagwira nchito ya mgodi zaka zambiri kuno, dziko lino likali kuchedwa Southern Rhodesia. Cifuwa citayamba kuwabvuta anatuluka mu mgodi nadzakhala ku Highfield, muno mu Harare. Ndalama zotsala anagulira kamera ya Pentax Spotmatic, mtundu umene unayamba kugulitsidwa mu 1964. Tsiku la Sabata anali kujambula anthu akwathu atabvala masuti ao, kuti atumize zithunzi kumudzi. Ife ana tinaphunzira sukulu ndi ndalama za kamera imeneyo.

Caka catha amai, amene tsopano akalamba ndithu, anati, "Mwananga, undijambule ndi kamera ya atate ako, cithunzico cipite kwa mng'ono wanga ku Ncheu, andione ndisanafe." Popeza filimu njosowa masiku ano, ndinamasula diso la kamerayo, lochedwa Super-Takumar 50mm, ndi kulimanga pa kamera yamakono ya mnzanga. Koma cithunzi cinaturuka cacikasu, amai ngati munthu wodwala. Iwo anati, "Ukatumiza ici, kwathuko ayamba kulira maliro."

Ndinayesa kuti ndi utsi wa primus, ndipo ndinapukuta ndi spiriti, koma osathandiza. Ndinatsala pang'ono kulikweca ndi mankhwala opukutira zitsulo, koma mkulu wina wokonza mawochi ku Mbare anandiletsa. Anati cikasuco ciri m'kati mwa galasi lenilenilo. Amisiri a ku Japan anasakaniza m'galasimo cinthu cochedwa thorium kuti zithunzi zidzioneka bwino. Thorium ndi mbale wace wa uranium, uja apezeka pamodzi ndi golide m'migodi ya ku Joni. Usana ndi usiku imaturutsa mphamvu yosaoneka, ndipo mphamvuyo imadetsa galasi pang'ono pang'ono zaka zikamapita. Mankhwala ace ndi kuwala kochedwa ultraviolet, kumene maso sakuona koma kuli m'dzuwa lomweli. Ena amagula nyali yace, koma ine ndinalibe ndalama.

Ndinacita monga anandilangiza. Ndinakulunga disolo m'pepala lonyezimira la siliva, ndi kusiya poyera galasi la kumbuyo lokha, pakuti cikasu cinali komweko. M'mawa uliwonse ndinali kuliika pa zenera lotsegula, litapenya dzuwa. Dzuwa likafika pamutu ndinali kulicotsa, cifukwa kutentha kumasungunula mafuta a m'kati, ndiponso galasi lotere likhoza kusonkhanitsa dzuwa ndi kutentha nsaru. Unali mwezi wa June, wozizira ndi wopanda mitambo.

Sabata yoyamba sindinaone kusintha, ndipo mkazi wanga anaseka nati ndikuotheza kamera dzuwa ngati nkhalamba. Atapita masabata atatu ndinaika disolo pa pepala loyera, ndipo pepalalo linaoneka loyera ndithu. Ndinajambula amai atakhala pakhonde, duku lao lobiriwira, nkhope yao monga iri. Cithunzi cinapita, ndipo amai aang'ono anayankha kuti acipacika pa khoma.

Mau awiri ndiwasiye kwa inu. Oyamba, thorium sicoka m'galasimo, cotero cikasu cidzabweranso patapita zaka, ndipo mudzaliikanso pa dzuwa. Aciwiri, galasi lotere musalikwece, musaliphwanye, ndipo musapatse ana kuti aseweretse. Likakhala lamphumphu mphamvu yace njocepa, koma fumbi lace likalowa m'mapapo ndi loopsa. Za fumbi inu mudziwa koposa ine. Ine ndinalidziwira pa kutsokomola kwa atate usiku.

Tsalani bwino, abale.